Kuchokera ku Fakitale ya Mowa ku Dublin Kufika pa Sikelo ya ku Chikwawa

Ana a gulu limodzi akalemera kuposa a gulu lina, kodi mankhwala agwira ntchito kapena zangochitika mwamwayi? Njira yoyankhira funsoli inayambira kutali ndi chipatala.

William Sealy Gosset ankagwira ntchito pa fakitale ya mowa ya Guinness ku Dublin, komwe ankayenera kugamula za ubwino wa mbewu atayeza zochepa chabe. Mu 1908 anasindikiza njira yake m'magazini ya Biometrika pogwiritsa ntchito dzina loti Student. Ronald Fisher anaikonza kuti izitha kufananitsa avareji ya magulu awiri osiyana, ndipo buku lake la mu 1925 linaifalitsa. Lero imatchedwa t-test.

Wofufuza amayamba ndi ganizo lakuti magulu awiriwo sakusiyana. Kenako amaona zinthu zitatu: kutalikirana kwa maavareji, kumwazikana kwa manambala m'gulu lililonse, ndi chiwerengero cha anthu amene ayezedwa. Ngati kusiyana kwakukulu chonchi kungatuluke mwamwayi kosakwana kamodzi pa maulendo 20, ganizo loyamba lija limakanidwa. Ndilo tanthauzo la p yochepera 0.05.

M'chigwa cha Shire, funsoli linakhudza moyo wa makanda. Mu 1993 dziko la Malawi linayamba kupereka SP, yomwe ambiri amati fansida, kwa amayi oyembekezera pofuna kuwateteza ku malungo. Francine Verhoeff, Bernard Brabin ndi anzawo anatsatira amayi ochira ku Chikwawa, ndipo zotsatira zinatuluka mu 1998: amayi amene analandira SP kawiri kapena kuposa anabereka ana olemerapo pa avareji kusiyana ndi amene analandira kamodzi, ndipo kusiyanako kunaposa kwa mwayi chabe.

Komabe t-test ili ndi malire. Amayiwo sanagawidwe mwa maere, ndipo mayi wolandira kawiri nthawi zambiri ndi amene anayamba sikelo msanga. Masamu amangonena kuti kusiyana kulipo. Chimene chakuchititsa chimafuna umboni wina.

Masamuwo sangawongolenso nambala yolembedwa molakwika. Sikelo yosabwezedwa pa ziro, kapena mwana wolembedwa makilogalamu 2.5 pomwe ali 2.3, zimasokoneza avareji ndi kubisa khanda lofunika chisamaliro. N'chifukwa chake kaundula wa namwino wa pa chipatala cha Ngabu ndi wa mlangizi wa zaumoyo kumudzi ndiye maziko a kafukufuku wotere.