BDD: mphambano za inde ndi ayi zomwe zimatsimikiza kuti chip sikunama

Binary Decision Diagram, yomwe akatswiri amangoifupikitsa kuti BDD, ndi chithunzi cha mafunso oyankhidwa ndi inde kapena ayi, olumikizidwa ndi timizere ngati njira zokumana pa mphambano. Amachigwiritsa ntchito ndi anthu opanga ma chip, tizipangizo ting'onoting'ono tomwe timayendetsa foni, kompyuta komanso mita za magetsi olipiriratu. Ntchito yake yaikulu ndi kutsimikiza, chip isanapangidwe n'komwe, kuti idzachita zokhazo zomwe oijambula amafuna.

M'dziko muno mulibe fakitale yopanga ma chip. Foni ya ejenti wa Mpamba kapena Airtel Money pa Namitete, makina oyezera magazi pachipatala cha St Gabriel's, ngakhale wailesi ya sola m'golosale ya pa Nsaru, zonsezi timagula zopangapanga. Palibe wa ife angatsegule foni kuti aone ngati ikuwonkhetsa bwino ndalama za fodya zomwe zangolowa. Timangokhulupirira, ndipo gawo lina la chikhulupiriro chimenecho latsamira pa masamu omwe akufotokozedwa pano.

Gwero lake

Nkhaniyi idayamba ndi George Boole, Mngelezi yemwe ankaphunzitsa masamu ku Cork m'dziko la Ireland. M'mabuku ake a 1847 ndi 1854, iye adasonyeza kuti mfundo zoona ndi zabodza zingathe kuwerengeredwa ngati manambala: 1 kuimira zoona, 0 kuimira zabodza, ndipo mawu oti "ndi", "kapena" ndi "ayi" n'kukhala ngati zizindikiro za masamu. Mu 1937, Claude Shannon, yemwe panthawiyo adali wophunzira pa MIT ku America, adaona kuti switchi ya magetsi nayo ili ndi mayankho awiri okha, kuyaka ndi kuzima, choncho masamu a Boole angalongosole momwe maswitchi olumikizana amagwirira ntchito. Chip ya lero ndi maswitchi oterewa mabiliyoni, opanikizidwa pa kachidutswa kosaposa chikhadabo.

Lamulo lililonse lomwe limalandira mayankho angapo a inde kapena ayi n'kutulutsa yankho limodzi limatchedwa Boolean function. Tiyerekeze ndi pampu ya sola yokoka madzi m'chitsime kupita m'thanki. Pampuyo iyenera kulira pokhapokha dzuwa lilipo, m'thanki muli malo, ndipo m'chitsime muli madzi. Mafunso ndi atatu, ndipo mayankho ake angasakanikirane m'njira 8. Munthu angazilembe zonse pa tsamba limodzi n'kuziyesa chimodzichimodzi tiyi asanazizire.

Vuto n'lakuti funso lililonse lowonjezera limachulukitsa njirazo kawiri. Mafunso 10 amabala njira 1,024. Mafunso 20 amapitirira miliyoni imodzi. Akafika 64, njira zimakhala 18,446,744,073,709,551,616, moti makina oyesa njira biliyoni imodzi pa sekondi angatenge zaka zoposa 580 kuti amalize. Chikhalirecho kagawo ka chip kongowonkhetsa manambala awiri m'foni yamakono kamalandira mayankho 128. Kuyesa chilichonse n'kosatheka, ndipo kuyesa mwapatalipatali kumasiya mpata woti cholakwika chibisale.

Momwe chithunzicho chimamangidwira

Aliyense yemwe adapitako ndi mwana wodwala kwa mlangizi wa zaumoyo kumidzi ya kwa Kabudula kapena ku Nambuma adaonapo kaganizidwe kameneka. Mlangizi amatsata fomu ya mafunso. Kodi mwana akukomoka, kapena akusanza chilichonse? Ngati inde, njira ndi imodzi: amutumize kuchipatala msanga, mafunso ena asamuchedwetse. Ngati ayi, apite ku funso lotsatira, la kutentha thupi kapena kupuma mothamanga. Yankho lililonse limasankha njira, ndipo njira zambiri zimakathera malo amodzi.

BDD imayenda momwemo. Funso lililonse ndi mphambano yomwe imatulutsa njira ziwiri, ya inde ndi ya ayi. Kumunsi kwenikweni kuli mathero awiri okha, 1 ndi 0. Ganizo lojambula malamulo a Boole motere adaliyamba ndi C. Y. Lee wa ku Bell Labs mu 1959, ndipo Sheldon Akers adalikuza mu 1978. Koma yemwe adalisandutsa chida chogwirika ndi Randal Bryant wa pa yunivesite ya Carnegie Mellon, m'nkhani yomwe idatuluka mu 1986 m'magazini ya IEEE Transactions on Computers.

Bryant adaika malamulo okhwima. Loyamba, mafunso azifunsidwa mu ndondomeko imodzi pa njira iliyonse. Ngati la dzuwa layamba ndipo la thanki latsatira, zikhale choncho paliponse. Lachiwiri, mphambano yomwe njira zake zonse ziwiri zikukathera pamodzi ichotsedwe, poti funso lomwe yankho lake silisintha kanthu n'longotaya nthawi. Lachitatu, zigawo ziwiri za chithunzi zikafanana ndendende, chimodzi chifafanizidwe ndipo njira zonse ziloze ku chotsalacho.

Tibwerere ku pampu ija. Itajambulidwa yonse ngati mtengo, ili ndi mphambano 7 ndi mathero 8. Koma ngati dzuwa palibe, kufunsa za thanki n'kopanda phindu: pampu siilira basi. Malamulo a Bryant akadulira nthambi zoterezi, pamatsala mphambano zitatu ndi mathero awiri.

Kuchepa kwa chithunzi ndi phindu, koma lalikulu koposa ndi ili. Bryant adatsimikiza mwa masamu kuti ndondomeko ya mafunso ikangosankhidwa, lamulo lililonse limakhala ndi chithunzi chimodzi chokha. Amisiri awiri angalumikize mawaya mosiyana kotheratu, wina mowononga zipangizo, wina mosamala, koma ngati makina awo amachita zofanana, zithunzi zawo zidzatuluka zofanana. Zikasiyana, ndiye kuti pali penapake pomwe makinawo amayankha mosiyana, ndipo chithunzicho chimaloza mayankho enieni omwe amavumbula kusiyanako. Funso lomwe likadafuna zaka mazana ambiri za kuyesa limasanduka kuyerekeza zithunzi ziwiri. N'chifukwa chake opanga ma chip akasintha kamangidwe pofuna kuti chip idye magetsi ochepa, amatha kutsimikiza kuti yatsopanoyo ikuchitabe zomwe yakale inkachita.

Pofika 1990, Edmund Clarke, Kenneth McMillan ndi anzawo adali atagwiritsa ntchito BDD pofufuza makina omwe amasintha khalidwe nthawi ikamapita, ndipo adakwanitsa kusanthula makina okhala ndi mikhalidwe yoposa nambala ya 1 yotsatiridwa ndi maziro 20. Clarke adadzalandira nawo mphoto ya Turing ya 2007 chifukwa cha ntchito yotsimikizira makina.

Phunziro la Pentium

Kufunika kwa zonsezi kudaonekera poyera mu 1994. Thomas Nicely, mphunzitsi wa masamu pa Lynchburg College ku Virginia, adazindikira kuti kompyuta yake yokhala ndi chip ya Pentium ya kampani ya Intel inkalakwitsa pogawa manambala ena. Pogawa 4,195,835 ndi 3,145,727, mwachitsanzo, yankho loona limayamba ndi 1.33382, koma Pentium inkapereka 1.33373. Gwero lake lidali ndandanda ya manambala ya mkati mwa chip, momwe malo asanu adalibe nambala yoyenera. Cholakwikacho chinkaoneka mwakamodzikamodzi kwambiri, n'chifukwa chake chidadutsa mayeso a kampaniyo osagwidwa. Intel idavomera kusinthira ogula ma chip awo, ndipo mu Januwale 1995 idalengeza kuti nkhaniyo iidyera ndalama zokwana 475 miliyoni za ku America. Mu 1996 Bryant adasonyeza kuti BDD ingathe kufufuza sitepe imodzi ya makina ogawira a mtundu umenewo n'kugwira cholakwika chotere. Kuchokera nthawi imeneyo makampani akuluakulu adayamba kulemba ntchito akatswiri ochuluka otsimikizira ma chip mwa masamu.

Pomwe imapunthwa

BDD ili ndi chilema chomwe ophunzira ambiri amachipeputsa poyamba: kukula kwa chithunzi kumadalira ndondomeko ya mafunso. Tiyerekeze kuti nyakwawa ya ku Mpingu yaitanitsa msonkhano wa mabanja 20, ndipo ikufuna kudziwa ngati pali banja ngakhale limodzi lomwe mwamuna ndi mkazi wake onse afika. Mlembi akamaitana banja ndi banja, alibe chosunga m'mutu. Bambo alipo? Mayi alipo? Onse akavomera, nkhani yatha. Apo ayi, apite ku banja lina n'kuiwala loyambalo. Chithunzi cha kafunsidwe kameneka chili ndi mphambano 40 ndi mathero awiri. Koma mlembi yemweyo akayamba ndi kuitana abambo onse 20 kenako amayi, ayenera kukumbukira bambo aliyense yemwe wavomera kufikira atafika kwa mkazi wake, ndipo chithunzicho chimatupa kupitirira mphambano mamiliyoni awiri. Funso ndi lomwelo, yankho ndi lomwelo, chasintha ndi kaitanidwe kokha.

Kupeza ndondomeko yabwino koposa ndi vuto lolimba palokha, limodzi mwa mavuto omwe akatswiri sadawapezere njira yachidule. Mu 1993 Richard Rudell adabweretsa njira yoti kompyuta izisuntha funso limodzi mmwamba ndi mmunsi, n'kulisiya pomwe chithunzi chachepa kwambiri. Njirayi imathandiza, ngakhale siilonjeza kupeza ndondomeko yopambana zonse.

Ndiye pali malamulo ena omwe sagonja olo mafunso atasanjidwa motani. Bryant mwini wake adatsimikiza mu 1991 kuti makina ochulukitsa manambala awiri ali m'gulu limeneli: manambala akamatalika, chithunzi chimakula mopanda malire ogwirika. N'zodabwitsa ndithu kuti taimusi, yomwe mwana wa Sitandade 3 amaiimba pamtima, ndiyo imagonjetsa chida chomwe chimasanthula makina ovuta kuposa pamenepo.

Chifukwa cha malire amenewa, kuyambira cha mu 1999 mbali yaikulu ya ntchito yotsimikizira ma chip idasamukira ku mapulogalamu otchedwa SAT solver, omwe samanga chithunzi chonse koma amangosaka njira imodzi yomwe ingaphwanye lamulo. Ena amagwiritsa ntchito zithunzi za mtundu wina, zotchedwa And-Inverter Graph, zomwe sizitupa msanga ngakhale zilibe mwayi uja wa chithunzi chimodzi pa lamulo limodzi. Masiku ano zida zotsimikizira zimasakaniza njira zonsezi, BDD n'kumagwira zigawo zomwe imazitha bwino. Shin-ichi Minato wa ku Japan adatulutsanso mu 1993 mtundu wina wotchedwa ZDD, woyenera kuwerengera magulu a zinthu, ndipo Donald Knuth adapereka gawo lalitali ku zithunzi zimenezi m'buku lake la The Art of Computer Programming, voliyumu 4A ya 2011.

Kwa wophunzira wa kuno, khomo lolowera ndi maphunziro a zamagetsi ndi makompyuta monga omwe amaperekedwa pa MUBAS ku Blantyre, komwe masamu a Boole ndi maziko a phunziro la digital logic. Zida zake n'zosadula: mapulogalamu omangira BDD monga CUDD ndi BuDDy amapezeka mwaulere pa intaneti, ndipo chithunzi cha mafunso atatu kapena anayi chimajambulika ndi pensulo m'kope la sukulu.