Ana Amene Adaonera ndi Makutu

Mwana wa lero wa ku Ndirande kapena ku Bangwe akauzidwa kuti makolo ake adakula mpaka kumera ndevu osaonako wailesi yakanema, amayesa nthabwala. Komatu n'zoona. Anthu a ku Southern Rhodesia adayamba kuonera wailesi yakanema m'chaka cha 1960, ndipo a ku Northern Rhodesia adatsatira mu 1961. M'Malaŵi muno munalibe nyumba youlutsira zithunzi kufikira mwezi wa Epulo m'chaka cha 1999. Kotero pali mbadwo wathunthu, wa ana obadwa pakati pa 1960 ndi 1985, umene ubwana wake wonse udapita popanda galasi loonerapo m'nyumba. Ngakhale zidali choncho, anthu amenewa akakumana pamaliro kapena paukwati amakumbutsana masewero, nyimbo ndi zigoli za masiku amenewo ngati kuti adaziona ndi maso. Funso ndi lakuti: kodi adazionera kuti?

Yankho loyamba ndi wailesi. Nyumba ya Malaŵi Broadcasting Corporation idakhazikitsidwa mu 1964, chaka chimene dziko lidalandira ufulu wodzilamulira, ndipo inkaulutsa mawu kuchokera ku Chichiri mu mzinda wa Blantyre. Kuyambira 1968 zilankhulo za pa wailesiyi zidali ziwiri zokha, Chichewa ndi Chingerezi. M'makomboni, wailesi idali chuma cha pakhomo. Bambo wogwira ntchito m'mafakitale a ku Makata kapena kunjanji ku Limbe ankasunga ndalama miyezi ingapo kuti agule wailesi ya Nzeru, yopangidwa mu Blantyre momwemo. Ikagulidwa inkakhala pamwamba pa kabati, itafunditsidwa kansalu koluka, ndipo mwana sankaikhudza wamba. Mabatire akayamba kufooka ankayanikidwa padenga kuti dzuwa liwapatseko mphamvu yofikira Loweruka.

Loweruka ndilo lidali tsiku lake. Madzulo a tsikuli kunkamveka Sewero la Sabata Ino, limene anthu ambiri ankangolitcha Kapalepale, potsata dzina la mwini seweroli, bambo Smart Likhaya Mbewe. Nthawi ikayandikira, ana ankathamangitsa kudya nsima, ndipo a m'nyumba zopanda wailesi ankapita kukakhala pakhonde la anansi. Palibe ankawapirikitsa, pakuti kumana mnzako wailesi kudali ngati kumumana moto. M'sewerolo munkamveka apongozi ovuta, amuna omwera malipiro, akazi amiseche ndi asing'anga onyenga. Mwana aliyense ankajambula yekha nkhope za anthuwo m'mutu mwake. Wina ankati Kapalepale ndi wamtali wowonda, wina nkumati ndi wamfupi wadazi, ndipo mkanganowo unkafika mpaka kusukulu Lolemba.

Pakati pa sabata padali Pa Majiga, sewero lofotokoza za moyo wa anthu apantchito, limene anthu a m'makomboni ankaliona ngati kalilole wawo. M'mamawa pulogalamu ya Tadzuka Sitidziwa Anzathu ndiyo inkadzutsa ana a sukulu. Usiku kunkabwera Nkhani za M'maboma, zimene akuluakulu ankazimvera ali chete, aliyense akudikira kumva dzina la kwawo, pakuti anthu a ku Zingwangwa ndi Chilomoni adachokera m'maboma osiyanasiyana: Thyolo, Mulanje, Ntcheu, Mzimba, Nsanje ndi kwina. Mauthenga achisoni akayamba, ngakhale mwana wosamva ankadziwa kuti si nthawi yoseka. Mabanja ambiri adamva za maliro a abale awo kudzera m'mauthenga amenewa, popeza lamya zidali za m'maofesi ndipo kalata inkatenga masiku.

Mpira nawonso unkaoneredwa ndi makutu. Ngakhale bwalo la Kamuzu Stadium lili pafupi ndi Ndirande, si mwana aliyense amene akadapeza ndalama yolowera pamene Bata Bullets ikukumana ndi Wanderers. Ambiri ankazungulira wailesi nkumamvera muulutsi monga Pearson Chunga akuthamangitsa mawu pamodzi ndi mpirawo. Mu 1978 Malaŵi adatenga chikho cha maiko a kum'mawa ndi pakati pa Africa atagonjetsa Zambia pa masewero omaliza, ndipo chaka chotsatira adakachitenganso ku Kenya. Masiku amenewo, pa bwalo lililonse lafumbi pamene pankagubuduzika mpira wachikulunga padali mnyamata wodzitcha Kinnah Phiri, ngakhale mwini dzinalo anali asadamuonepo.

Nyimbo zinkatsata njira yomweyo. Oimba ambiri ankajambulitsa nyimbo zawo m'nyumba ya wailesi, pakuti kunja kwake malo ojambulira adali osowa. Ana adadziwa gitala ya Daniel Kachamba wa ku Chileka, banjo ya Allan Namoko ndi gulu lake la Chimvu River Jazz Band, mawu a Robert Fumulani ndi Likhubula River, ndiponso MBC Band imene mudali Morson Phuka. Pambuyo pake kudamveka Kalimba, Makasu ndi Alleluya Band ya ku Balaka. Anawo sankangomvera ayi. Ankatola chigubu cha mafuta, kukhomerapo kamtengo ndi kumangapo nsambo za waya, basi banjo yatheka. Zitini ndi zitsekerero za mabotolo zinkasanduka ng'oma ndi maseche. Amene sadali aluso pa zoimba ankapinda magalimoto a mawaya, pamene atsikana ankasewera fulaye, phada ndi masanje.

Sikuti zithunzi zoyenda kunalibiretu. Mu mzinda mudali nyumba za kanema monga Apollo, kumene ankapita ana a anthu opezako bwino ndi anyamata amene adaphunzira kusunga matambala. Nthawi zina galimoto ya boma inkafika pa bwalo la sukulu madzulo, nkupachika chinsalu choyera ndi kuonetsa kanema wa zaulimi, zaumoyo kapena maulendo a Mtsogoleri wa dziko. Mwana mmodzi akaonera kanema wa Bruce Lee, mawa lake ankafotokozera anzake makumi awiri, akulumpha ndi kuponya zibakera m'mwamba, ndipo amene adangomva ankakafotokozeranso ena mokometsera kuposa mwini wake. Ena ankapanga kanema wawowawo: katoni yoboola, pepala loyera, kandulo kumbuyo ndi tianthu todula pa makatoni. Cholowera chinkakhala batani la malaya kapena chimanga chokazinga chodzaza dzanja.

Koma mbiri yoona siibisa mbali yowawa. Wailesi imodziyo idali ndi mwini wake. Nkhani za tsiku lililonse zinkayamba ndi Ngwazi Dr. H. Kamuzu Banda, amene mu 1971 adakhala Mtsogoleri wamuyaya. Lamulo la 1968 lidakhazikitsa bungwe lopima mabuku, nyimbo, masewero ndi makanema, ndipo kanema ankafika kwa oonera atadulidwa mbali zina. Nyimbo ya Simon ndi Garfunkel yotchedwa Cecilia idaletsedwa chifukwa cha dzina lake lokha. Lamulo la 1973 lidaletsa amayi kuvala mathalauza ndi masiketi aafupi, ndipo amuna sankaloledwa kusunga tsitsi lalitali. Pa 3 Malichi, tsiku lokumbukira ofera dziko, wailesi inkadzaza ndi nyimbo zachisoni ndi sewero la John Chilembwe, ndipo mwana wopezeka akusewera mpira panja ankaika makolo ake m'mavuto. Chitumbuka, Chiyao, Chilomwe ndi Chisena zinkalankhulidwa m'nyumba za m'makomboni, koma pa wailesi zidalibe malo. Olemba masewero adaphunzira kubisa mawu m'miyambi, ndipo omvera adaphunzira kumva zimene sizidanenedwe.

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 zinthu zidayamba kusintha. Makina a vidiyo adafika, ndipo m'misika ya Ndirande, Bangwe ndi Machinjiri mudabuka tinyumba toonetsa makanema. Pakhomo pankakhala bolodi lolembedwa ndi choko, m'kati mabenchi, mdima ndi kutentha. Maina a Rambo, Chuck Norris, Jackie Chan ndi Van Damme adalowa m'masewera a ana, ndipo aphunzitsi adayamba kudandaula za ophunzira othawa m'kalasi. Pa nthawi yomweyo zisudzo za pabwalo zidakula. Gulu la Kwathu linkadzaza French Cultural Centre ndi masewero a Chichewa, Du Chisiza Jr. adayambitsa Wakhumbata Ensemble Theatre mu 1987, ndipo John Nyanga ndi Eric Mabedi, odziwika kuti Izeki ndi Jakobo, adaseketsa dziko lonse.

Pa 14 Juni 1993 Amalaŵi adasankha ndale za zipani zambiri, ndipo pakamwa pa anthu padatseguka. Lucius Banda adatulutsa chimbale cha Son of a Poor Man mu 1994, nkuimba poyera za masautso amene kale ankangonong'onezana. Wailesi yachiwiri ya MBC idatsegulidwa mu 1997, nyumba zina za wailesi zidatsatira, ndipo mu 1999 Television Malaŵi idayamba kuulutsa zithunzi kuchokera ku Kwacha mu Blantyre. Masiku oyambirira, nyumba yokhala ndi wailesi yakanema inkadzaza ana mpaka m'mawindo, monga zinkachitikira pakhonde la wailesi kale. Anthu amene adazolowera kumva Tikuferanji adaona tsopano nkhope ya Manganya, bambo Michael Usi, amene mu 2024 adadzakhala wachiwiri kwa Mtsogoleri wa dziko. Koma ana a Kapalepale adali atakula kale. Wailesi yakanema idawapeza ali ndi mabanja awo.

Tsono chimene mbadwo umenewu umalira pokumbuka masiku aja si umphawi, ndiponso si mantha a nthawi ya chipani chimodzi. Umalira khonde lija. Popeza wailesi idali imodzi, mwana wa ku Chilomoni ndi mwana wa ku Karonga ankaseka nthabwala imodzi pa ola limodzi, ndipo akakumana ku sekondale ankapeza kuti ali nazo kale zokambirana. Lero m'nyumba imodzi mungathe kukhala anthu asanu, aliyense atawerama pa lamya yake, akuseka yekhayekha. Ufulu wosankha ndi chinthu chabwino chimene makolo adachimenyera nkhondo, koma udadza ndi mtengo wake.

Ambiri mwa eni mawu aja adatsikira kuli chete. Daniel Kachamba adamwalira mu 1987, Allan Namoko mu 1995, Du Chisiza mu 1999, John Nyanga mu 2016, Eric Mabedi mu 2021 ndipo Lucius Banda mu 2024. Zambiri za ntchito ya oimba ndi ochita masewero akale zidajambulidwa pa matepi, ndipo tepi simakhala muyaya: chinyontho ndi kutentha zimaidya pang'onopang'ono. Zina sizidajambulidwe n'komwe, zili m'mitu ya agogo ndi makolo a ku Zingwangwa, Machinjiri ndi kwina konse. Akuluakulu adati fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Mwana wofuna kudziwa kuti Kapalepale adali wamtali kapena wamfupi afunse lero, eni kukumbuka akadali ndi moyo. Mosakayika adzalandira mayankho osiyana, pakuti aliyense adamuona ndi makutu ake.