Miyambi ya Angerezi Idachokera ku Munda

Ambiri a ife tidakumana ndi miyambi ya Chingerezi m'kalasi, mphunzitsi atailemba pa bolodi kuti tiiloŵeze pamtima, ndipo tidaiyesa nzeru za anthu ophunzira kwambiri. Inenso, ndili ku koleji ya uphunzitsi, ndinkaganiza choncho. Koma mbiri ikunena zina.

Taganizirani mwambi uja wolangiza munthu kuti ayanike udzu dzuŵa likadaŵala. Kwa ife amene timakhala miyezi yathunthu osaona dontho la mvula, mawuŵa salemera kwenikweni. Ku Mangalande mvula imagwa mwezi uliwonse wa chaka. Mlimi wakale kumeneko ankamweta udzu m'miyezi ya Juni ndi Julayi, nauyanika m'munda masiku angapo, kuti ng'ombe ndi nkhosa zidzadye m'nyengo ya chisanu, pamene msipu suphuka. Mvula ikaupeza pansi, udzuwo unkaola. Akauunjika usanaume unkachita nkhungu, mwinanso kutentha mpaka kuyaka wokha. Pofika Novembala, ziŵeto zimene mwini adaona kuti sadzatha kuzidyetsa zinkaphedwa, nyama yake n'kuthiridwa mchere. Motero kuzengereza kwa tsiku limodzi kunkatha kumulanda munthu ng'ombe yolimira chaka chamaŵa.

Mawu a alimiŵa adaloŵa m'buku m'chaka cha 1546. John Heywood, woimba ndiponso wolemba maseŵero ku nyumba ya Mfumu Henry VIII, adasonkhanitsa miyambi yambirimbiri naiika m'nkhani ya ukwati: mnyamata akufunsa munthu wachikulire ngati akwatire namwali wosauka kapena mayi wamasiye wachuma. M'menemo ulimonso uja wakuti manja akachuluka ntchito imapepuka, womwe ndi mbale wake wa mwambi wathu wakuti mutu umodzi susenza denga. John Ray, katswiri wa zomera, adasindikiza buku lina la miyambi mu 1670.

Kenaka zinthu zidatembenuka. M'zaka za m'ma 1740, Lord Chesterfield ankalembera mwana wake makalata omuchenjeza kuti asamatchule miyambi pocheza, ati chifukwa imaulula kuti munthu amayenda ndi anthu wamba. Kunena zoona, bwanayu sadalakwe pa za kumene miyambiyo idachokera. Chimene adalakwa n'kuchita nayo manyazi. Anthu apamwamba adayamba kuipewa, koma m'midzi ndi m'misika idapitirira kumveka.

Patapita zaka pafupifupi 200, miyambi yomwe ija Chesterfield ankainyoza idafika kwathu kuno m'mabuku a sukulu, ife n'kumailembera mayeso.