Ilala, Msewu Wathu wa ku Likoma

Munthu wa kumtunda mchere ukamuthera amangotenga njinga n'kuthamangira kumsika. Ife a ku Likoma ndi Chizumulu tinakula tikudziwa kuti ndalama ndi katundu zimakhala kutsidya kwa nyanja. N'chifukwa chake mbiri ya zilumba zathu siingafotokozedwe osatchula sitima zapamadzi. Sitima ndizo zinabweretsa moyo wodalira ndalama, ndipo ndi sitima zomwezo zimene takhala tikukwera pokaifuna ndalamayo.

Nkhaniyi inayamba ndi amishoni a mpingo wa Anglican, a bungwe la UMCA, amene anakhazikika pa Likoma cha m'ma 1885. Iwo anali ndi sitima yotchedwa Charles Janson, yomwe inkayendera midzi ya m'mbali mwa nyanja. Mu 1895 Bishopu Chauncy Maples anamira panyanjapo, ndipo sitima ina imene inayamba kuyenda mu 1901 anaitcha dzina lake. Mu 1903 anayamba kumanga tchalitchi chachikulu cha St Peter, chimene chilipo mpaka lero. Kukhalapo kwa amishoniwa n'kumenenso kunachititsa kuti zilumba ziwirizi zikhale mbali ya Nyasaland, ngakhale zili kufupi kwambiri ndi gombe la Mozambique.

Mishoni inabweretsa sukulu, ndipo sukulu zinatulutsa aphunzitsi, ansembe, akalaliki ndi amisiri. Koma chilumbacho n'chaching'ono, chamiyala ndi mchenga. Chinangwa chimayesako kubereka, chimanga ayi. Tinakhala anthu odziwa kulemba ndi kuwerenga, koma opanda nkhokwe. Abambo ambiri anapita kukagwira ntchito ku Blantyre, ku Harare ndi ku Johannesburg, ndipo zimene ankatumiza kwawo zinkabwera pa sitima.

Ulendowu sunali wamasewera. Pa 30 July 1946 sitima yatsopano ya Vipya inamira kumpoto kwa nyanja, anthu oposa 140 n'kufa. Sitima yolowa m'malo mwake anaipanga ku Scotland mu 1949, n'kuibweretsa m'zidutswa kudzera ku Beira. Ataimanga ku Monkey Bay, inayamba ntchito mu 1951. Imeneyo ndiyo Ilala, yomwe inatenga dzina la sitima yoyamba ya amishoni a Livingstonia ya mu 1875. Ilala ndi dzina la dera la ku Zambia kumene David Livingstone anafera.

Kuyambira pamenepo masiku athu tinkawerengera pa Ilala. Inkadutsa kamodzi pasabata popita kumpoto ndi kamodzi pobwerera. Mayi anga anali mphunzitsi, ndipo pa zaka zimene malipiro ankakatengera kubanki ya kumtunda, ndinkawaperekeza ku Nkhata Bay, ulendo wa makilomita pafupifupi 70. Popeza doko kunalibe, sitima inkaima patali. Tinkalowa m'madzi ofika m'chiuno, katundu ali pamutu, kuti tikwere boti lotifikitsa pamakwerero. Agogo ankachita kunyamulidwa. Pansi pa sitima tinkakhala pamatumba a usipa wouma, umene amalonda ankakagulitsa ku Mzuzu, ndipo mwera ukawomba aliyense ankakhala chete ndi mapemphero ake.

Munthu mmodzi sankayendera zake zokha. Mayi ankanyamula kope lodzaza ndi mauthenga: uyu akufuna thumba la chimanga, uyu parafini, uyu mankhwala, wina malata awiri, wina fizi ya mwana wake wa kusekondale. Malipiro akapezeka kuti sanalowe, panalibe kuchitira mwina koma kugona kwa achibale kudikira, ana asukulu ali opanda mphunzitsi. Ndalama ina inkathera pa tikiti ndi chakudya cha panjira isanafike n'komwe pakhomo. Apa mpamene ndinaphunzira kuti kwacha ya pachilumba ndi yaing'ono kuposa kwacha ya kumtunda, pakuti chilichonse chimene timagula chalipira kale ulendo wa panyanja.

Kufunika kwa sitimayi kunaoneka poyera mu 2012 pamene inaima kwa miyezi yambiri kuti aikonze. Katundu anakwera mtengo, ndipo anthu anayamba kudalira maboti amatabwa odzaza mopyola muyeso. Pa nthawi yomweyo n'kuti njira zotumizira ndalama pa foni, monga Airtel Money ndi Mpamba, zikuyamba kufala. Lero mwana wa ku Lilongwe angathe kutumizira amayi ake ndalama osadikira sitima. Komabe thumba la simenti silidutsa pa foni, ngakhalenso wodwala wopita kuchipatala chachikulu cha ku Mzuzu.

Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 14,000 m'boma la Likoma. Dziko likamakamba za chitukuko limawerenga makilomita a phula ndi milatho, zimene ife sizitifika. Msewu wathu ndi sitima, ndipo Ilala yapyola zaka 70 chiyambire ntchito. Msewu wa Blantyre ukakumbika, nkhani imafika ku Nyumba ya Malamulo sabata yomweyo. Funso la sitima imene idzalowe m'malo mwa Ilala likufunika changu chomwecho, lisanayankhidwe ndi ngozi ngati mmene zinachitikira mu 1946.