Zilembo Zinai za Osindikiza

Mfumu ina inandifunsa za cithunzi cimene tinakhoma pa mtengo wa pabwalo, niti, "Kodi cimanga ca masamba a buluu ici ndi ca mtundu wanji?" Lero ndiyankha, koma tiyambire kale.

Kale osindikiza anali ndi inki yakuda. Zithunzi anali kuzipaka utoto ndi manja. Ca m'ma 1710 Jacob Christoph Le Blon, wobadwira ku Frankfurt, anaona kuti mitundu itatu, wofiira, wacikasu ndi wa buluu, akaisanjikiza pa pepala limodzi ibala mitundu ina yambiri. Analongosola njira yaceyo m'buku limene linaturuka ku London mu 1725.

Osindikiza a lero atsata njira yomweyo, koma ndi inki zinai. Yang'anani m'mphepete mwa nyuzipepala kapena pansi pa katoni: mudzapeza timadontho tinai, nthawi zina ndi zilembo C, M, Y, K.

C ndiye cyan, buluu wonga thambo; mau awa acokera ku Cigiriki. M ndiye magenta, wofiira koposa duwa la fodya. Dzinali ndi la mudzi wa ku Italy kumene Afalansa anagonjetsa ankhondo a Austria mu 1859, nthawi imene utotowo unali watsopano. Y ndiye yellow, cikasu. Wakuda sanaupatse B. Anaupatsa K, ndiye key, dzina la citsulo cosindikizira mizere yakuda imene mitundu inayo ilondola.

Taonani, palibe inki yobiriwira. Tsamba la cimanga lioneka lobiriwira cifukwa C wasanjikizana ndi Y. Koma dzuwa lifafaniza msanga Y ndi M, nutsala C ndi K. Ndico cifukwa cace cimanga cija cinasanduka ca buluu.

Bvuto lace ndi ili: cithunzi coonetsa masamba acikasu a cimanga cosowa cakudya m'nthaka cikasuluka, mlimi sadzazindikira bvutolo m'munda mwace, ndipo nthawi yothira feteleza idzampitirira.

Cotero mafumu, khomani zithunzi za ulimi pakhonde pamene dzuwa silifika. Zosuluka zitsitseni, ndipo uzani mlangizi wanu. Tsalani bwino.