Tanthauzo la Mawu Akuti "Miyuziyamu"

Abale athu obwera kutchuthi ku Dar es Salaam kapena ku Johannesburg, akamasimba za nyumba zosanjikizana ndi matchalitchi akale amene maso awo adaona, ambiri amatcha nyumba iliyonse yokalamba miyuziyamu, ndipo potero amasokeretsa omvera.

Mawuwa tidabwereka ku Chingerezi, koma gwero lake ndi Chigiriki, pakuti Agiriki ankatchula motero kachisi wa milungu yawo yaikazi ya nzeru ndi nyimbo. Miyuziyamu tsono ndi nyumba yosungiramo zinthu zakale ndi zamtengo wapatali, kuti anthu adzazione ndi kuphunzirapo; ukalamba wa makoma si ndiwo umaipatsa dzinalo. Yathu ya pa Karonga idatsegulidwa mu 2004, komatu m'kati mwake muli chifanizo cha mafupa a Malawisaurus, chilombo cha makedzana chimene mafupa ake adafukulidwa m'boma lomwelo la Karonga.

Mphunzitsi akauza ana kuti, "Mawa tikaona mafupa ku miyuziyamu," walankhula bwino. Ndipo inu mukapitako, musathamange, popeza kuona maso a nkhono n'kudekha. Funsani woonetsa alendo akufotokozereni chilichonse.