Zingwe Ziwiri za ku Harlem

Ndili kamtsikana ku Ndirande tinkalumpha jingo mpaka mdima utabisa chingwe. Tikalowa m'nyumba, mutu ukangogunda mphasa, basi kwacha. Patapita zaka zambiri ndidakacheza kwa mwana wanga ku New York, ndipo papaki ina ku Harlem ndidaona amayi amsinkhu wanga akulumpha zingwe ziwiri nthawi imodzi. Unali mwezi wa Julaye, kukutentha ngati ku Nsanje. Chidandidabwitsa nchakuti atsikana ang'onoang'ono adangokhala pambali, maso ali pafoni. Mmodzi mwa iwo anali mdzukulu wanga wa zaka 10, yemwe patchuthi chonsecho ankagona 1 koloko usiku nkudzuka dzuwa lili paliwombo. Ichi ndicho chidandichititsa kufufuza mbiri ya sewero limeneli, lomwe eni ake amalitcha Double Dutch.

Pakati pa 1910 ndi 1970 anthu akuda pafupifupi 6 miliyoni adasamuka m'madera akummwera kwa America pothawa tsankho ndi umphawi, nkukakhala m'mizinda monga New York, Chicago ndi Detroit. Kumeneko adapanikizana m'nyumba zosanja zopanda bwalo. Ku New York sukulu zimatseka kumapeto kwa Juni nkutsegula mu Seputembala, ndipo m'miyezi imeneyi zipinda zinkatentha kwambiri moti mabanja ena ankagona pamwamba pa nyumba kapena pamakwerero achitsulo apanja.

Ana a anthu olemera ankatumizidwa kokasangalala kunja kwa mzinda. Anyamata anali ndi mabwalo awo a mpira. Atsikana achikuda adangomasula zingwe zoyanikira zovala nkusandutsa msewu kukhala bwalo lawo. Awiri amapukusa zingwezo, china kulowera uku china uko, wachitatu nkudumphira pakati, otsalawo akuimba ndi kuomba m'manja. M'makomo ambiri lamulo la amayi linali limodzi: magetsi amumsewu akayaka, aliyense m'nyumba. Choncho sewero lomwelo ndilo linkalimbitsa thupi masana ndi kuitana tulo usiku.

Mu 1973 apolisi awiri, David Walker ndi Ulysses Williams, adakonza malamulo kuti seweroli likhale lopikisana. Mpikisano woyamba udachitika pa 14 Febuluwale 1974, ndipo ana pafupifupi 600 adalumpha nawo. Mu 1982 gulu la atsikana anayi lotchedwa Fantastic Four lidakaonetsa luso lake ku Paris ndi ku London pamodzi ndi oimba a hip-hop monga Afrika Bambaataa. Mu 2009 sukulu zasekondale zaboma ku New York zidaliika m'gulu la masewera ovomerezeka.

Koma pamene seweroli linkatchuka m'maholo, m'misewu linkazilala. M'zaka za m'ma 1980 mankhwala ozunguza bongo a crack ndi mfuti zidalowa m'madera a anthu osauka, ndipo makolo adayamba kutsekera ana awo aakazi m'nyumba. Ndani angawadzudzule? M'nyumbamo munali wailesi yakanema, kenaka mudadzalowa foni.

Zotsatira zake zidaoneka. Mu 2007 Paul von Hippel ndi anzake adapeza kuti ana aang'ono ku America amanenepa mofulumira patchuthi chachitalichi kusiyana ndi nthawi ya sukulu, makamaka ana achikuda ndi a mabanja ochokera ku Latin America. Sukulu imamupatsa mwana nthawi yodzukira, yodyera ndi yothamangira. Ikatseka, popanda china cholowa m'malo mwake, zonsezi zimabalalika. Pamene akatswiri a za tulo amati mwana wa zaka 6 mpaka 12 azigona maola 9 mpaka 12, bungwe la WHO limati azichita masewera olimbitsa thupi mphindi 60 patsiku. Atsikana akale aja ankapeza zonse ziwiri mumsewu osalipira kanthu.

M'mera mpoyamba. Mawa lake ndidabwerera kupaki kuja nditamugwira dzanja mdzukulu wanga, nkupempha amayi aja kuti amuphunzitse. Adakodwa kasanu, kachisanu ndi chimodzi adalowa bwinobwino, amayiwo nkukuwa mokondwa. Usiku umenewo adagona 8 koloko, foni ili patebulo.